Mmene Ngolo ya Zinyalala Inapepukira

Ana anga, za ubwana wanga sindilemba. Agogo anu anakufotokozerani kale, ndipo anazikometsa kuposa mmene zinalili. Ine ndikufuna mudziwe za ntchito imene inakulerani. Kusukulu akakufunsani kuti bambo anu amatani, munkati ndi dalaivala, n'kuthera pomwepo. Simunaname. Koma lero ndikufuna ndikambe za katundu amene ndinkanyamulayo, ndiponso chifukwa chimene tinasamukira kuchoka kumudzi kwa mayi anu, pakuti nthawi imeneyo tinangokuuzani kuti mulongedze.

Ku esiteti, ndisanakwatire

Ntchito yanga yoyamba inali yokweza matumba a masamba a tiyi pa ngolo ya thirakitala. Otchola ankabwera ndi madengu awo pa sikelo, kalaliki n'kuyeza, ife n'kumaponya matumba pamwamba, kenako liwiro la ku fakitale masamba asanayambe kutentha okha. Dalaivala wake anali a Mukhova, bambo wachikulire wa ku Nsabwe, amene thirakitala ikavuta kulira ankaikalipira m'Chilomwe ngati mwana wosamva. Ataona kuti ndimakonda kusuzumira mu injini, anayamba kumandipatsa chiwongolero m'timisewu ta m'munda, kutali ndi maso a manijala, mpaka ndinakatenga laisensi.

A Mukhova sankakonda kuyenda ndi ngolo yosadzaza. Ndikawafulumiza ankati, "Mwana iwe, thirakitala sitopa ndi katundu, imatopa ndi maulendo." Chinthu china chimene ndinaona kumeneko n'chakuti nyengo yodulira tiyi, nthambi zonse zinkasiyidwa pansi pakati pa mizere. Munthu akapezeka atatola ngakhale zoyatsira moto, unali mlandu. Ndinafunsa kuti bwanji osasesa kuti munda uoneke bwino. Anandiyankha kuti ndikakumbe ndi chala pansi pa nthambi za chaka chatha. Ndinapeza dothi lakuda, lonyowa, lodzaza nyongolotsi, kunja kuli dzuwa la mu Okutobala. Sindinaganize kuti zimenezi zidzandithandiza. Ndinangopukuta chala pa ovolosi n'kukwera thirakitala.

Nditakwatira mayi anu ndinalowa mpingo wawo wa Sabata, ndipo ndinakakhala kwawo monga mkamwini. Vuto linabwera nthawi ya mvula. Tiyi akamaphuka sadziwa Loweruka, ndipo ine ndinali nditalonjeza kuti tsiku limenelo sindigwira chiwongolero. Mabwana anandipirira chaka chimodzi, chachiwiri anandiuza mwaulemu kuti ndisankhe. Amene anandipulumutsa anali atsibweni anu a Lemosi, achimwene awo a mayi anu, omwenso anali eni mbumba. Iwo ankasesa mumsika wa pafupi ndi kwathu pansi pa khonsolo, ndipo anamva kuti kukufunika dalaivala wa thirakitala ya zinyalala. Anandiperekeza okha ku ofesi, atandibwereka jekete yawo. Atandilemba, anandigawiranso dimba m'mbali mwa mtsinje kuti ndizilima masamba. Ndikulemba zimenezi poyamba kuti mudziwe kuti munthu ameneyu anandichitira zabwino zambiri.

Chaka chimene mwana wathu Tamala anabadwa

Tsiku loyamba anandionetsa mulu wa zinyalala kuseri kwa msika, pafupi ndi ogulitsa nsomba. Ndinali nditazolowera fungo la tiyi wa ku fakitale, ndiye tsiku limenelo nkhomaliro sinalowe. Thirakitala inali imodzi yokha, ndipo inkayenera kutumikira msika wathu ndi misika ina iwiri ing'onoing'ono. Kumtaya kunali kutali, m'dzenje lakale lomwe ankakumbamo miyala, kupyola minda ya tiyi. Msewu wake unali wa dothi lofiira, loterera ngati sopo mvula ikagwa. Ngolo inkalemera kwambiri chifukwa zambiri zimene tinkanyamula zinali zonyowa: masamba a kabichi, mikoko ya nthochi, zotafuna za nzimbe, tomato woola, makoko a chinanazi. Madzi akuda ankachucha njira yonse. Kukanirira m'matope kunali kwa sabata iliyonse, ndipo nthawi zina otchola tiyi ndi amene ankasiya madengu n'kudzatikankha.

Bwana wanga woyamba anali a Sambani. Lamulo lawo linali lalifupi: nyamulani, katayeni, tenthani. Sanali munthu woipa. Ankamenyera nkhondo matayala ndi mabatire ngati kuti thirakitalayo ndi yawo, ndipo Loweruka sanandikakamizepo. Koma ankakhulupirira kuti mankhwala a zinyalala ndi thirakitala yachiwiri, ndipo chaka chilichonse ankaipempha, osabwera.

Kumtaya ndinkapeza amayi angapo akudikira. Ndikangotsitsa, ankathamangira muluwo ndi timitengo, kufukula mabotolo, zitini ndi tizitsulo. A Sambani ankati ndiziwathamangitsa, koma ine ndinkangoliza huta kuti atalikire ngolo ikamatsitsa. Mmodzi mwa iwo anali mayi Edina. Amuna awo anali otchola tiyi, ndipo atamwalira banjalo linatuluka m'nyumba ya kampani. Mayiwa ankatsuka mabotolo ku mtsinje n'kumagulitsa kwa ophika thobwa ndi oyeza mafuta ophikira, zitini n'kupereka kwa okhoma koloboyi. Ana atatu analeredwa ndi zimenezo. Kwa zaka zambiri tinkangopatsana moni, ine pamwamba pa thirakitala, iwo pansi mu utsi.

Zaka zimene mafuta anasowa

Pofika nthawi imeneyi anali atandikweza kukhala kapitawo wa osesa, ngakhale chiwongolero sindinachisiye. Msika unali utakula kawiri, ndipo zinyalala zinali zitasintha nkhope. Kunabwera majumbo, mabotolo a pulasitiki, makatoni, timapaketi ta mowa. Ndiye dizilo anasowa. Amene tinkalandira sankakwana ngakhale theka la maulendo athu. Mulu unakula mpaka unatseka njira yopita kuzimbudzi, mphutsi zinayamba kukwera khoma la butchala, ndipo mvula ikagwa mabotolo ankatseka ngalande madzi n'kulowa m'magolosale. Ogulitsa anayamba kunditukwana ndikamadutsa. Ena anafika poopseza kuti adzakatuta zinyalalazo n'kukazithira pakhomo pa ofesi.

A Sambani anali atapuma, ndipo m'malo mwawo munabwera mayi Msiska, a zaumoyo, ochokera kumpoto. Anali wamng'ono kwa ine, ndipo osesa ankanong'onezana kuti sakhalitsa. Sabata yawo yoyamba anavala majombo n'kunena kuti akwera nawo thirakitala mpaka kumtaya. Titafika anaima phee kuonerera ndikutsitsa, kenako anatenga kamtengo n'kuyamba kufukula limodzi ndi amayi aja.

"A kapitawo," anandifunsa, "pa zonsezi, zimene zikuyeneradi kubwera kuno ndi ziti?"

Ndinayang'ana muluwo ngati ndikuuona koyamba. Ndinati, "Kunena zoona, mayi, zambiri ndi kabichi. Ndakhala zaka zonsezi ndikuwotcha dizilo kuyendetsa kabichi."

Mayi Edina anali pafupi, ndipo analowererapo mwamanyazi. "Bwana, zimene ife timatola zimafika kuno zitaipa kale. Katoni ikanyowa ndi tomato palibe angaigule. Mukanatilola kutolera kumsika konko, bwenzi tikupeza zabwinobwino, inunso katundu akanachepa."

Pobwerera sitinalankhule za china. Ine ndinawafotokozera za nthambi za tiyi ndi dothi lakuda lija, iwo anati kukoleji anaphunzira kupanga manyowa a kompositi koma sanapangepo ndi manja awo. Anakapempha kamalo kuseri kwa msika, anakatenganso mlangizi wa zaulimi kuti adzationetse kasanjidwe ka milu. Tinaika migolo yoduladula m'mizere ya msika: wina wa zoola, wina wa zogulitsika, wina wa zotaya. Amayi a kumtaya aja tinawaitana kuti azidzasankha ndi kutembenuza milu, zonse zogulitsika zikhale zawo.

Musaganize kuti zinayenda bwino pomwepo. Ogulitsa anakana. Mayi wina wa tomato anandiuza pamaso kuti, "Ife timadula tikiti kuti inu musese. Ndiye tizikusankhiraninso zinyalala? Mawa mudzati tikuchapireni malaya." Milu yoyamba nayonso inatikanika. Inanyowa kwambiri, inanunkha kuposa mulu wakale, mpaka mayi Msiska anaitanidwa ku ofesi kukayankha madandaulo. Tinaphunzira kusanjikiza ndi udzu wouma, utuchi wa kwa akalipentala ndi phulusa la ophika tchipisi, tinamanganso kadenga ka udzu. Patapita miyezi, mulu wina unasanduka dothi lofewa, lopanda fungo loipa. Manyowa oyambawo tinawagawa ulere kwa ogulitsa kabichi ndi tomato, pakuti ambiri a iwo ndi alimi omwe. Nyengo yotsatira anabwera okha kudzafunsa ena, ndipo mayi wa tomato uja ndi amene anayamba kukalipira anzake akataya botolo mu mgolo wa zoola.

Za mabotolo ndi makatoni anatithandiza Che Amidu, amene anali ndi lole yonyamula nanazi ndi nthochi kupita ku Limbe. Ankadziwa anthu ogula pulasitiki, zitsulo ndi mapepala kumeneko. Anavomera kuti amayi aja akamanga mitolo, azikweza pamwamba pa katundu wake. Ankaseka n'kumati lole yake tsopano yasanduka ya khonsolo, koma sanakanepo.

Kusintha kwake ndinakuona pa thirakitala. Poyamba ndinkapita kumtaya tsiku lililonse koma mulu osatha. Tsopano ndinkapita mwa apo ndi apo, msika n'kukhala woyera. Ngolo inapepuka ndipo inauma, kukanirira m'matope kunatha, matayala anayamba kukhalitsa. Dizilo yemwe uja wosakwana anayamba kufikira misika iwiri ija, imene tinali titaitaya kwa miyezi. Dzenje la kumtaya, lomwe tinkati ladzaza, linasiya kukwera. Utsi umene unkalowa m'nyumba za antchito a pa esiteti unachepa. Ngalande zinayamba kuyenda, chifukwa botolo linali litasanduka chinthu choti munthu angawerame n'kutola. Zina zinatikanikabe. Majumbo opyapyala ndi matewera otaya a ana palibe amene ankawafuna, ndipo mpaka lero amapita kudzenje. Koma thirakitala yachiwiri ija palibe anaitchulanso.

Dzinja limene Tamala anali fomu folo

Msika waukulu unali Loweruka, ine ndili kutchalitchi, choncho Lamulungu m'mawa ndinkalawirira kukaona mmene zatsalira. Tsiku limenelo ndinapeza amayi ataunjikana pa milu, mayi Edina atakhala pansi atagwira dzanja. Ankatembenuza mulu, anaona jumbo, n'kupisa dzanja kuti alichotse. Singano ya jakisoni inawalowa m'chikhato. Titafukula tinapeza jumbo lodzaza majakisoni ogwiritsidwa kale ntchito, thonje la magazi ndi timabotolo ta mankhwala, zitakwiriridwa mwadala pakati pa mulu.

Ndinawakweza pa njinga yamoto mpaka kuchipatala. Anamwino anatsuka bala, anawapatsa mankhwala oteteza oti amwe mwezi wathunthu, n'kunena kuti zoona zake zidzadziwika akadzayezedwanso patapita miyezi. Pobwerera mayi Edina sanalire. Anangoti, "A kapitawo, zaka zonse zija kumtaya sindinabayidwepo. Ndabwera pamalo abwino ndiye ndabayidwa. Ana anga ndidzawasiyira ndani?"

Nkhani inawanda msika wonse. Amayi anzawo anasiya ntchito. Alimi anayamba kuuzana kuti manyowa athu ali ndi matenda, ndipo wina anabweza matumba amene anali atatenga kale. Mayi Msiska anandiitana n'kunena kuti akuluakulu akufuna malowo atsekedwe, tibwerere ku kale.

"Ndawapempha kuti adikire," anatero. "Koma ndiyenera kuwauza kuti zinthuzi zinachokera kuti ndipo zinalowa bwanji. Ngati sitikudziwa, sindingalonjeze kuti sizidzachitikanso, ndipo sindingaikenso manja a amayi aja m'milu imeneyo."

Sizinanditengere nthawi. Mlonda wa pamsika anandiuza kuti Loweruka madzulo, mvula ikugwa, anaona a Lemosi akukankha wilibala kupita ku milu. Ndinawapeza kumudzi akukonza khola la mbuzi, ndipo ndinawafunsa tili awiri. Sanakane. Anati kuseri kwa golosale ina kuli munthu wobaya anthu jakisoni mobisa, wopanda chilolezo, ndipo kwa nthawi yaitali ankawapatsa jumbolo kuti akataye. Masiku onse ankaliponya mu ngolo, n'kupita kudzenje popanda wodziwa. Tsiku limenelo ngolo inali ku msika wina, mvula inali itakula, ndiye anangolikwirira pa mulu poganiza kuti adzalichotsa mawa lake.

"Sindinafune kupweteka munthu, alamu," anatero. "Inu mungonena kuti simunapeze. Agalu amakoka zinthu, amisala amadutsa. Ndani angakutsutseni?"

Ndinati, "Nanga munthu wa jakisoniyo? Mawa adzapatsa wina jumbo lina."

Anasiya chingwe chimene ankamanga n'kundiyang'ana. "Alamu, ntchito imeneyi anakupezerani ndani? Dimba mukulimalo ndi la ndani? Ana anuwo, akadzafuna kukwatiwa, adzawaimirira ndani?"

Zonse zimene ananena zinali zoona. Masiku awiri ndinayenda ngati wodwala. Ndinkadziwa kuti ndikanena, a Lemosi ntchito yatha, atatsala pang'ono kupuma. Ndinkadziwanso kuti mkamwini wopereka mwini mbumba ku ofesi sangakhalenso pamudzipo mwamtendere. Koma ndikakhala chete, malo aja atsekedwa, amayi aja abwerera mu utsi wa kumtaya, ndipo majakisoni apitiriza kuyenda m'zinyalala zimene anthu anga amagwira ndi manja.

Ndinawauza mayi anu tikupalira chimanga. Anapitiriza kupalira mpaka kumapeto kwa mzere, kenako anabwerera pamene ndinaima.

"Bambo a Tamala, amenewo ndi achimwene anga. Anandilera ine bambo athu atamwalira. Musayembekeze kuti ndikuuzani kuti pitani mukawanenere."

Ndinati ndamva.

"Komanso sindikuuzani kuti mukhale chete," anapitiriza. "Edina ndimapemphera naye. Chimene ndikupempha n'chimodzi. Musawazembere. Kawauzeni pamaso kuti mukupita, ndipo muwapatse mpata woti apite okha."

Ndinachita momwemo. Ndinawauza a Lemosi kuti m'mawa mwake ndidzawadikira pa mphambano kuti tipitire limodzi, akafotokoze ndi pakamwa pawo, ine ndikawapepesere. Ndinadikira mpaka dzuwa linakwera. Sanabwere. Ndinapita ndekha, ndipo mayi Msiska atamva dzinalo anavula magalasi n'kundifunsa ngati ndikudziwa chimene ndikudziputira. Ndinati ndikudziwa. Anayesetsa kuti chilango chikhale chopepuka, koma nkhani inali itakula kale, ndipo a Lemosi anachotsedwa ntchito. Malo a wobaya jakisoni uja anatsekedwa.

Kumudzi kunachitika msonkhano wa banja. Palibe amene ananditukwana. Anangonena mofatsa kuti dimba lija likufunika, pakuti mwini wake tsopano alibe ntchito. Moni anayamba kuchepa, ana a azakhali anu anasiya kubwera kudzasewera nanu. Mayi anu ndi amene anati tisamuke tisanadane kwenikweni. Ndiko kupita ku kanyumba ka lendi kaja kuseri kwa chigayo, kamene munkadandaula kuti n'kothina. Mayi anu analira tsiku losamuka, koma sanandinenepo kuti ndinalakwa, ngakhale tsiku limodzi.

Kuntchito tinayambiranso pachiyambi. Milu yonse ndinaituta n'kukaitaya kudzenje, miyezi yambiri ya thukuta, ndipo ngolo inalemeranso ngati kale. Mayi Msiska anapeza magolovesi olimba ndi mafoloko otembenuzira, tinamanga mpanda wa nsungwi ndi chitseko chokhoma, ndipo anayendera onse ogulitsa mankhwala ndi tizipatala ta m'deralo kuti zonse zobaya zizipita kuchipatala chachikulu kukatenthedwa. Koma amayi aja ankaopabe. Kwa miyezi ingapo ndinkatembenuza milu ndi osesa awiri okha, ndipo mabotolo anayambanso kudzaza ngalande.

Tsiku lina m'mawa ndinaona mayi Edina akulowa pachitseko, atanyamula kapepala ka kuchipatala. Anayezedwa komaliza, ndipo magazi awo anali bwinobwino. Iwo anatenga magolovesi pa msomali, anawayesa, n'kunena kuti ndi aakulu koma athandiza. Sabata isanathe anzawo onse anali atabwerera. Alimi anachedwa kukhulupirira. Amene anathyola mantha anali Che Amidu. Anagula matumba angapo a munda wa akazi awo, anawakweza pamwamba penipeni pa lole, n'kuzungulira msika pang'onopang'ono tsiku la Loweruka akuliza huta. Ine sindinaone, koma Lamulungu ndinapeza anthu akukambabe.

Chaka chimene ndinapuma

Pofika nthawi yopuma, amayi aja anali ndi gulu lawo lolembetsa, wapampando ali mayi Edina. Mayi Msiska anali atasamutsidwira ku boma lina, koma ntchito sinagwe, chifukwa tsopano inali ndi eni ake. Anthu a misika ina ankabwera kudzaona, ndipo funso lawo loyamba linkakhala lakuti tili ndi magalimoto angati. Ndinkawalozera thirakitala yakale ija, utoto utatha, ikulirabe. Feteleza atakwera mtengo, manyowa athu ankatha asanapse bwino, ndipo alimi a tiyi a minda ing'onoing'ono anayamba kudzasungitsa milu isanatembenuzidwe n'komwe.

Ndi a Lemosi tinakhala zaka tikungoonana pamaliro, iwo uko, ine kuno. Ndinkamva kuti alimbikira kabichi m'dimba lija. Mwezi wanga womaliza pantchito, ndikuphunzitsa dalaivala watsopano kulumikiza ngolo, ndinaona munthu akutsika pa njinga pachitseko cha mpanda, thumba lopanda kanthu lili pa keliyala. Anali a Lemosi, atakalamba, tsitsi lonse mbuu. Anaima pamenepo osalowa. Amayi anasiya kutembenuza milu.

Ndinapita kukawalonjera. Anayankha moni, kenako anati, "Ndamva kuti manyowa amagulitsa ndi amayiwa, osati inu."

Ndinati ndi choncho.

"Ndiye ndilankhule ndi eni ake."

Mayi Edina anabwera akuvula magolovesi. A Lemosi anavula chipewa. Anati, "Mayi, ndinayenera kubwera kalekale. Ndinkachita manyazi, manyaziwo n'kusanduka mkwiyo. Chimene ndinakuchitirani n'choipa. Mundikhululukire."

Mayi Edina anatambasula chikhato n'kuwaonetsa. Panalibe ngakhale chipsera. "Miyezi ija sindinkagona, bambo," anatero. "Ndikanakumana nanu nthawi imeneyo, sindikudziwa chimene ndikanalankhula. Koma zinapita. Bweretsani thumbalo. Kabichi wanu ndi wa masiku angati?"

Anawathirira okha ndi fosholo, posankha mulu umene unapsa bwino, n'kuwalangiza kuti asathire pafupi kwambiri ndi tsinde. Thumba linalemera, ndipo njira yochoka pamsika kupita kumudzi imayamba ndi chitunda. Ndinawathandiza kumanga pa keliyala, kenako ndinagwira kumbuyo n'kumakankha, iwo atagwira mahandulo. Tinakwera chitunda chonse, tonse awiri tikupuma movutikira ngati nkhalamba zimene tinali. Pamwamba anaima n'kupukuta thukuta.

"Alamu," anatero, osandiyang'ana, "mapeyala akhwima kumudzi, akungogwa. Muwauze achemwali abwere adzathyole. Inunso mubwere, iwo sangakwere mumtengo."

Nditafika kunyumba ndinawauza mayi anu. Analowa kuchipinda n'kuyamba kufunafuna dengu.